Usodzi wokoka nyambo ndi boti

Usodzi wokoka nyambo ndi njira yowedzera nsomba imene msodzi amaponya chingwe chokhala ndi mbedza kumbuyo kwa boti kapena bwato, n'kumachikoka pang'onopang'ono botilo likuyenda. Pa Chingerezi njirayi imatchedwa trolling. Nyambo ikhoza kukhala kansomba kenikeni kapena nyongolotsi, koma kawirikawiri imakhala yochita kupanga, yachitsulo, yamtengo kapena yapulasitiki, yomwe ikamakokedwa imagwedezeka ngati kansomba kovulala. Choncho nsomba zimene zimaphedwa m'njirayi ndi zodya nsomba zinzake, monga salmon, lake trout ndi walleye za ku North America, pike ya ku Ulaya, komanso tigerfish, Nile perch ndi ncheni za ku Africa. Nsomba zodya ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, monga chambo, sizilabadira nyambo yotere.

Anthu ena amasokoneza njirayi ndi trawling chifukwa mayina ake amamveka mofanana. Pa trawling sitima kapena maboti awiri amakoka khoka lalikulu lomwe limakokolola nsomba zambiri nthawi imodzi, pomwe pa usodzi wokoka nyambo nsomba iliyonse imagwidwa payokha ndi mbedza.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti msodzi amafufuza dera lalikulu m'kanthawi kochepa, zomwe n'zofunika panyanja yaikulu pomwe nsomba zimayendayenda kutsatira chakudya. Vuto lake ndi kuya. Chinthu chilichonse chokokedwa m'madzi chimafuna kukwera pamwamba, pomwe nsomba zofunidwazo nthawi zambiri zimakhala pansi. Zipangizo zambiri za usodziwu zinapangidwa pofuna kuthetsa vuto limeneli.

Mbiri

Kukoka nyambo kumbuyo kwa bwato kunayamba kalekale. Asodzi a pa zilumba za m'nyanja yamchere ya Pacific ankasema zigoba zonyezimira za nkhono za m'madzi, n'kumangirirapo mbedza, ndipo ankazikoka popha nsomba za tuna. M'nyanja za kumpoto kwa Ulaya ndi za ku North America, msodzi ankapalasa yekha chingwe chikumutsata kumbuyo.

Nyambo yooneka ngati supuni inatchuka chifukwa cha Julio T. Buel wa ku Vermont m'dziko la United States, yemwe mu 1852 analandira chikalata cha boma chomupatsa umwini wa luso lake. Anthu amasimba kuti tsiku lina akudya m'boti pa nyanja ya Bomoseen, supuni inamupulumuka n'kugwera m'madzi, ndipo ikumira mopendekapendeka nsomba yaikulu inaimbwandira. Mu 1936 msodzi wa ku Finland, Lauri Rapala, yemwe ankawedza pa nyanja ya Päijänne, anaona kuti nsomba yolusa ikalowa pagulu la tinsomba imasankha kamene kakusambira motsimphina. Iye anasema kansomba ndi khungwa lopepuka lija amatsekera mabotolo, n'kukakuta ndi pepala lonyezimira lokulungira chokoleti. Kampani ya dzina lake ilipo mpaka lero, ndipo asodzi ambiri a kummwera kwa Africa amangoti "rapala" ponena nyambo iliyonse yooneka ngati kansomba.

Injini zinachotsa ntchito yopalasa. Ole Evinrude anayamba kugulitsa injini yomangirira kumbuyo kwa boti ku Milwaukee mu 1909, ndipo mu 1934 O. G. Schmidt wa ku Fargo anapanga kainjini koyendera batire, komwe kanali chiyambi cha kampani ya Minn Kota. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kampani ya Lowrance inayamba kugulitsa makina aang'ono oonera kuya kwa madzi ndi nsomba zomwe zili pansi pa boti.

Komabe usodziwu monga momwe ukuchitikira lero unakulira m'nyanja zisanu zazikulu za pakati pa United States ndi Canada, zotchedwa Great Lakes, ndipo unabadwa m'tsoka. Nsomba yooneka ngati njoka yotchedwa sea lamprey, imene imamatirira pathupi la nsomba zina n'kumaziyamwa magazi, inalowa m'nyanja za kumtunda kudzera m'ngalande ya Welland. Pamodzi ndi usodzi wopyola muyezo, nsombayi inatsala pang'ono kutheratu lake trout m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Popanda nsomba yoidya, kansomba kena kobwera kotchedwa alewife kanaswana kwambiri, moti mu 1967 timitembo take tinadzaza magombe a nyanja ya Michigan mpaka kuchita kukankhidwa ndi mathirakitala. Howard Tanner, yemwe anali mkulu wa za usodzi m'boma la Michigan, anatsogolera ntchito yobweretsa nsomba za salmon kuchokera kugombe la Pacific kuti zizidya alewife. Mtundu wa coho unaikidwa m'mitsinje ya Platte ndi Bear Creek mu 1966, ndipo wa chinook unatsatira mu 1967. Nsombazo zinanenepa mofulumira. Anthu zikwizikwi anagula maboti, ndipo popeza salmon imakhala kutali ndi gombe komanso pakuya, anayamba kupanga ndi kukonza zipangizo zomwe tsopano zafalikira padziko lonse.

Kutentha kwa madzi ndi kumene nsomba zimakhala

Msodzi wokoka nyambo m'mayiko ozizira amayamba wadziwa kutentha kwa madzi. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4, ndipo akamatentha kuposa apo amapepuka. M'nyengo yotentha dzuwa limafunditsa madzi a pamwamba, omwe amayandama pamwamba pa madzi ozizira osasakanikirana nawo. Pakati pa magawo awiriwa pamakhala kagawo komwe kutentha kumatsika msanga pa mita iliyonse, komwe akatswiri amakatcha thermocline. M'nyanja zazikulu kagawoka kamapezeka kawirikawiri pakati pa mamita 10 ndi 30, koma mphepo yamphamvu imatha kukakweza kapena kukatsitsa usiku umodzi wokha.

Mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi madzi amene umakonda. Lake trout imafuna madzi a madigiri pafupifupi 10, chinook a madigiri 10 mpaka 13, pomwe walleye imakonda ofundirapo, a madigiri 18 mpaka 22. Madzi oundana akangosungunuka nyengo yachisanu ikatha, nyanja yonse imakhala yozizira mofanana, ndipo lake trout imagwidwa pafupi ndi gombe pa nyambo yongoponyedwa kumbuyo popanda cholemetsa. Patapita miyezi itatu, nsomba yomweyo imakhala itatsikira pa mamita 25 kapena kuposa. Nyambo imene ikudutsa pa mamita 8 tsiku limenelo ikungosamba, ngakhale itakhala yodula motani.

Nsomba zambiri zolusa zimasaka zikuyang'ana m'mwamba, kumene nyama yake imaoneka ngati chithunzithunzi. N'chifukwa chake asodzi amayendetsa nyambo mita imodzi kapena iwiri pamwamba pa nsomba, osati pansi pake. Makina ofufuzira nsomba amathandiza apa. Amatumiza phokoso m'madzi, lomwe limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndipo amawerengera nthawi imene latenga kuti libwerere. Pagalasi la makinawo nsomba yaikulu imaoneka ngati kauta, pomwe gulu la tinsomba limaoneka ngati mtambo.

Ndodo, chingwe ndi nyambo

Ndodo yokokera nyambo imakhala yaitali mamita 2 mpaka 3, ndipo imafunika yofewa kumutu kuti izipindika nsomba ikagunda nyambo boti likuyenda. Siigwiridwa m'manja. Imalowetsedwa m'kapaipi komangidwa m'mbali mwa boti, ndipo msodzi amaitola nsomba ikakodwa. Chokulungira chingwe, chomwe ambiri amachitcha reel, chimakhala ndi kabuleki komwe kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu kuti chisaduke. Zokulungira zambiri za usodziwu zili ndi kamita kowerengera kutalika kwa chingwe chimene chatuluka. Kamitako n'kofunika kuposa momwe kamaonekera: nsomba ikagwidwa pa chingwe chotalika mamita 40, msodzi amabwezera nyambo pa mamita 40 omwewo, ndipo amasinthanso zingwe zinazo kuti zifanane nacho.

Chingwe cha nayiloni chimatamuka, zomwe zimateteza kuti mbedza isang'ambe kamwa la nsomba. Chingwe cholukidwa ndi timaulusi tambiri sichitamuka ndipo chimakhala chaching'ono koma cholimba. Popeza madzi sachikankha kwambiri, nyambo imamira kuposa momwe ikanamirira pa nayiloni. Kumapeto kwa chingwe amalumikizako kachidutswa kosaoneka bwino m'madzi, kapena waya ngati nsombayo ili ndi mano akuthwa ngati pike ndi tigerfish. Pamafunikanso kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel, apo ayi nyambo yozungulira imapota chingwe mpaka kuchiwononga.

Nyambo za supuni zokokera zimakhala zopyapyala kuposa zoponya, kuti zizipendeka ngakhale boti likuyenda pang'onopang'ono. Nyambo zooneka ngati kansomba zimakhala ndi kamlomo kapulasitiki kapena kachitsulo kutsogolo, komwe madzi akamakakankha nyambo imalowa pansi ikugwedeza mchira. Kamlomo kakafupi kamaimiza mita imodzi kapena iwiri, pomwe kakatali kakhoza kuifikitsa pa mamita 6 mpaka 9 ngati chingwe chatuluka chokwanira. Asodzi a walleye amakonda kachitsulo kozungulira kokhala ndi mikanda, kumbuyo kwake atakolekako nyongolotsi. A salmon amaika patsogolo pa nyambo chithabwa chonyezimira chopanda mbedza, chotchedwa flasher kapena dodger, chomwe chimaphanima ngati nsomba ina imene ikudya, n'cholinga chokopa zinzake kuchokera patali.

Asodzi amakangana kwambiri pa nkhani ya mtundu wa nyambo, ndipo masitolo amapindula ndi mkanganowo. Chodziwika n'chakuti madzi amameza kuwala kofiira pa mamita ochepa oyambirira, pomwe kobiriwira ndi kwabuluu kumafika patali. Nyambo yofiira ikafika pakuya imangooneka yakuda. Kukula kwa nyambo ndi kagwedezekedwe kake kamaposa mtundu, ndipo lamulo lakale ndi lofananitsa nyambo ndi tinsomba timene nsombazo zikudya nthawi imeneyo.

Kufikitsa nyambo pakuya

Njira yapafupi ndi kutulutsa chingwe chachitali ndi kumangirirapo mtovu mamita angapo patsogolo pa nyambo. Imagwira ntchito, koma ili ndi malire. Chingwe chikamatalika madzi amachikankha kwambiri, ndipo imafika nthawi yoti kuwonjezera chingwe sikumizanso nyambo.

Njira ina ndi chingwe chokhala ndi mtovu m'kati mwake. Chingwechi chimasintha mtundu pa mayadi 10 alionse, omwe ndi mamita pafupifupi 9, choncho asodzi amawerengera kuya ndi mitundu. Boti likamayenda makilomita 3 pa ola, mtundu uliwonse umamiza nyambo pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kuti nyambo ifike pa mamita 15 pamafunika mitundu 10, kutanthauza mamita 90 a chingwe cholemera chomwe msodzi ayenera kukulunga chonse nsomba ikakodwa. Ena amagwiritsa ntchito waya wa mkuwa kapena wachitsulo, yemwe amamira kuposa pamenepa koma akapindika savuta kuduka.

Palinso kambale kolemera mbali imodzi, kodziwika kwambiri ndi dzina la Dipsy Diver. Kamamangiriridwa pachingwe mopendeka, moti madzi akamakakankha kamalowa pansi monga momwe khasu la pulawo limalowera m'nthaka. Nsomba ikagunda nyambo, kachitsulo kamene kamakapendeketsa kamamasuka, ndipo kambaleko kamagona chafulati kuti kasalimbane ndi msodzi. Kakhoza kutembenuzidwanso kuti kazilowa pansi kakupita chakumbali kwa boti.

Chipangizo chimene chinasintha usodziwu kwambiri ndi downrigger, chomwe chinafala ku Great Lakes nthawi imene salmon inabwera. Ndi gudumu lopukusa ndi dzanja kapena ndi magetsi, lokhala ndi mkono wotulukira kunja kwa boti ndi waya wachitsulo. Kumapeto kwa wayayo kumakhala mpira wa mtovu wolemera makilogalamu 3 mpaka 7. Msodzi amayamba watulutsa nyambo mamita angapo kumbuyo, kenako amapana chingwe chake ndi kopanira kamene kali pampirawo, n'kutsitsa mpirawo mpaka kuya kumene akufuna. Ndodo amaikunga mpaka kupindika ngati uta. Nsomba ikagwira nyambo chingwe chimapulumuka pakopanira, ndodo imawongoka mwadzidzidzi, ndipo msodzi amalimbana ndi nsombayo pachingwe chopanda cholemetsa chilichonse. Mpira umatsala pawaya wake.

Ngakhale downrigger simanena zoona zonse. Kamita kake kamawerenga kutalika kwa waya amene watuluka, osati kuya kumene mpira wafika. Madzi amakankhira mpirawo kumbuyo, moti ngati waya wa mamita 30 wapendeka madigiri 30, mpira uli pa mamita pafupifupi 26. Boti likawonjezera liwiro kusiyanako kumakula. Kopanira nakonso kamafuna kukonzedwa bwino. Kakakhala kolefuka chingwe chimapulumuka chokha ndi mafunde, ndipo kakathina kwambiri kansomba kakang'ono kamakodwa osachimasula, msodzi n'kumakakoka kwa ola lathunthu osadziwa kuti nyambo yake inasiya kalekale kugwira ntchito.

Kutalikitsa nyambo ndi boti

M'madzi oyera ndi osaya, nsomba zimathawira kumbali boti likamadutsa pamwamba pawo. Pofuna kuzipeza komweko, asodzi amagwiritsa ntchito kathabwa kosongoka mbali imodzi kotchedwa planer board, komwe kamayandama n'kumakokera chingwe kumbali, mamita 20 kapena kuposa kuchoka paboti. Timatabwati timalolanso boti limodzi kukoka zingwe zambiri popanda kupiringizana. Chingwe chakunja kwenikweni chimakhala chosamira kwambiri, kuti nsomba ikakodwa chidutse pamwamba pa zinzake pobwera kumbuyo kwa boti.

Liwiro ndi kayendetsedwe ka boti

Liwiro la usodziwu ndi lofanana ndi la munthu woyenda pansi, ndipo nthawi zambiri limachepera apo. Nyambo ya nyongolotsi yokokera walleye imayenda makilomita 1.5 mpaka 2.5 pa ola. Salmon imafuna makilomita 3.5 mpaka 5, pomwe asodzi a muskellunge, yomwe ndi m'bale wake wamkulu wa pike, amafika makilomita 8. M'madzi ozizira nsomba zimakhala zaulesi ndipo boti limayendetsedwa pang'onopang'ono kuposa m'madzi ofunda. Nyambo iliyonse ilinso ndi liwiro lake. Supuni ikakokedwa mothamanga imasiya kupendeka n'kuyamba kuzungulira ngati pulopela, ndipo nsomba siifuna. Msodzi wosamala amayamba waiyesa m'mbali mwa boti, pomwe akuiona, asanaitulutse.

Injini yaikulu imavuta kuiyendetsa pang'onopang'ono chonchi. Maboti ambiri amakhala ndi kainjini kachiwiri kakang'ono kapena kamagetsi. Ena amakoka thumba lotseguka kukamwa m'madzi kuti lizibweza boti, ndipo asodzi a walleye a ku Minnesota amadziwika ndi kuyendetsa boti chafutambuyo.

Liwiro limene GPS imaonetsa ndi la boti poyerekeza ndi nthaka, pomwe nyambo imamva liwiro la madzi amene ikudutsamo. M'nyanja zikuluzikulu madzi a pansi amayenda, nthawi zina mosiyana ndi a pamwamba. Ichi n'chifukwa chake boti limatha kupha nsomba polowera kumpoto koma osapha kanthu pobwerera kummwera, malo omwewo ndi nyambo zomwezo.

Asodzi odziwa sayendetsa boti mowongoka. Boti likamakhota, nyambo za mbali ya m'kati zimachepa liwiro n'kumira, pomwe za kunja zimathamanga n'kukwera. Nsomba imene yakhala ikutsatira nyambo osaigwira kawirikawiri imaimbwandira pa nthawi imeneyi. Kukhotako kumaphunzitsanso msodzi. Ngati nsomba zikugwira zingwe za kunja zokha, ndiye kuti boti liyenera kuwonjezera liwiro. Malo abwino odutsamo ndi m'mphepete mwa phompho la pansi pa madzi, pamwamba pa matanthwe omira, kumapeto kwa zilumba, ndi pomwe madzi amatope a mtsinje akukumana ndi madzi oyera a m'nyanja. Mbalame zikamagwera pamadzi malo amodzi, pansi pake pamakhala tinsomba ndi zozidya.

M'nyanja za ku Africa

Nzeru za ku Great Lakes sizigwira ntchito zonse m'nyanja za m'madera otentha. M'nyanja ya Malawi, yomwe malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, madzi a pamwamba amakhala pa madigiri 24 mpaka 29 ndipo a pansi penipeni pa madigiri 22 kapena 23. Kusiyanaku n'kochepa, koma n'kokwanira kuti madzi a pansi asasakanikirane ndi a pamwamba, moti kupyola mamita 200 mpaka 250 kulibe mpweya wa okosijeni ndipo nsomba sizikhalako. Msodzi wa kuno safunafuna madzi ozizira. Amatsatira chakudya, makamaka magulu a usipa ndi utaka.

Nsomba imene imagwidwa kwambiri pokoka nyambo m'nyanjayi ndi ncheni, ya gulu la Rhamphochromis, yomwe ndi yaitali, yonyezimira, ya mano osongoka, ndipo imasaka usipa pakati pa nyanja. Timasupuni tating'ono tonyezimira timaikwanira. Mpasa nayo imagwira nyambo zochita kupanga, makamaka kumathiriro a mitsinje imene imakwera kukaswana monga Bua, koma yachepa kwambiri chifukwa cha maukonde otchinga mitsinje ndi matope ochokera m'minda. Usodzi wokoka ndi injini umadya petulo wambiri pa nsomba zochepa, choncho panyanjayi umachitidwa kwambiri ndi alendo ndi anthu owedza pofuna kusangalala. Amene akufuna ndalama amapindula ndi chilimira kapena maukonde. Komabe bwato lopalasa limayenda pa liwiro loyenera ndithu, ndipo silichititsa nsomba mantha ngati injini.

Pa nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, nsomba yofunidwa ndi tigerfish, Hydrocynus vittatus, imene anthu ena a m'chigwa cha Zambezi amaitcha mcheni ngakhale si m'bale wa ncheni ya m'nyanja ya Malawi. Damu la Kariba linamalizidwa mu 1959, ndipo kapenta wochokera ku nyanja ya Tanganyika anaikidwamo mu 1967 ndi 1968. Tigerfish inayamba kutsatira kapentayo pakati pa nyanja, ndipo zomwezo zinachitikanso ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique. Mpikisano waukulu wopha tigerfish ku Kariba unayamba mu 1962. Nsombayi ili ndi kamwa lolimba ngati fupa ndipo ikakodwa imadumpha n'kugwedeza mutu, moti zambiri zimalavula mbedza zisanafike paboti. Asodzi ambiri amachotsa mbedza za mano atatu pa nyambo n'kuikapo imodzi yakuthwa kwambiri. Mitengo ya mopane imene inamira damulo litadzaza ikadali chiimire m'madzi, ndipo imadya nyambo zambiri.

Ku nyanja ya Victoria amakokera Nile perch, yomwe ku Kenya imatchedwa mbuta, ku Uganda mputa ndi ku Tanzania sangara. Nsombayi inaikidwa m'nyanjamo m'zaka za m'ma 1950, inachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo inathandizira kutha kwa mitundu yoposa 200 ya tinsomba ta m'nyanjamo. Imagwidwa pa nyambo zikuluzikulu za milomo italiitali zokokedwa pang'onopang'ono pafupi ndi matanthwe. Ina yolemera makilogalamu 104 inagwidwa ndi mbedza pa nyanja ya Nasser ku Egypt mu 2000. Pa nyanja ya Tanganyika, m'dera la Nsumbu ku Zambia, asodzi amakokera nkupi ndi abale a Nile perch opezeka m'nyanja yokhayo.

Ngozi ndi malamulo

Usodziwu umatengera maboti aang'ono kutali ndi gombe, ndipo maso a asodzi amakhala pa ndodo osati kumitambo. Pa 23 September 1967, namondwe anapeza maboti mazanamazana a anthu osaka coho pafupi ndi Frankfort pa nyanja ya Michigan. Maboti ambiri anagudubuzika ndipo anthu osachepera 7 anamira. Pa nyanja ya Malawi mphepo ya mwera, yomwe imalimba m'miyezi yozizira, imautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Boti lomwe lili ndi zingwe zisanu ndi chimodzi m'madzi ndi mipira iwiri ya mtovu pansi silingathawe msanga, ndipo mpira ukakodwa m'thanthwe pa mafunde ukhoza kukokera kumbuyo kwa boti m'madzi. N'chifukwa chake pamakhala chodulira waya pafupi, ndipo aliyense amayenera kuvala jekete yoyandamitsa. Ku Kariba ndi m'madera ena a nyanja ya Malawi kulinso mvuu ndi ng'ona.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Michigan munthu mmodzi amaloledwa zingwe zitatu, pomwe m'nyanja zambiri za ku Minnesota amaloledwa chimodzi chokha nyengo imene madzi sanaundane. Ku Malawi lamulo la za usodzi linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ku Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, n'koletsedwa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi zilumba zake. Maboti osamutsidwa kuchoka panyanja ina kupita pa ina amafunika kutsukidwa ndi kuumitsidwa, chifukwa amanyamula zomera ndi tizilombo tobwera. Ku Great Lakes tinkhono ta zebra mussel, tomwe tinapezeka koyamba mu 1988, tinafalikira m'nyanja zing'onozing'ono pomata maboti, ndipo ku Africa namasupuni amatha kuyenda m'njira yomweyo.

Asodzi ambiri owedza pofuna kusangalala amabwezera nsomba m'madzi, koma nsomba yochokera pakuya sipulumuka nthawi zonse. M'mimba mwa nsomba muli kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kuyandama. Pa mamita 10 mphamvu yofinya thupi imakhala yowirikiza kawiri ya pamwamba, ndipo pa mamita 30 imawirikiza kanayi, choncho nsomba ikakwezedwa mofulumira mpweyawo umafufuma. Salmon ndi lake trout zili ndi kanjira kochokera m'kathumbako kupita kukhosi ndipo zimatha kugeya mpweya wina. Walleye, Nile perch ndi nsomba za banja la chambo ndi ncheni zilibe kanjirako. Zikafika pamwamba mimba imatupa, nthawi zina chifu chimatulukira kukamwa, ndipo zikabwezedwa zimangoyandama chagada. Asodzi ena amazitsitsanso pansi ndi cholemetsa chokhala ndi kopanira kamene kamamasuka pakuya, ndipo ena amasiya kuwedza malo akuya akangokwanitsa nsomba zimene akufuna kupita nazo kunyumba.